Ndani Amaloledwa Kunena Zoona mu Lusaka?

Pamsonkhano wa chilimba (gulu losonkherana ndalama) ku Chawama, ndalama zikapezeka kuti zaperewera, mawu oyenera kunenedwa amakhala amodzi okha: buku ndi ndalama sizikugwirizana. Akawanena amayi achikulire amene anayambitsa gululo, aliyense amagwedeza mutu, ndipo pobwerera kunyumba anthu amawayamikira kuti sapita m'mbali. Akawanena mtsikana amene walowa chaka chino, wogulitsa tomato pa msika wa Soweto, nkhani ya ndalama imayamba yaima. Imene imakambidwa ndi ya iyeyo: "Uyu mwana azimvela. Ni ndani wamupatsa mphamvu?" Ndalama zosowazo ndi zomwe zija, mawu ndi omwe aja. Chasiyana ndi pakamwa potulukira mawuwo.

Ambirife timaganiza kuti kunena zoona mosapsatira, kudzikuza ndi kudzichepetsa zili pamzere umodzi. Timayesa kuti wodzichepetsa ndi wachete uja, wodzikuza ndi wolalata uja, ndipo wonena zoona ali pakati koma akutsetserekera kwa wolalatayo. Kuganiza kotere n'kolakwika ndipo kwatiwonongera zambiri. Kunena zoona kumakhudza nkhani imene ili pamaso pathu: ndalama zilipo kapena palibe, khoma lawongoka kapena lapendekeka, mwana akudwala kapena ali bwino. Kudzikuza ndi kudzichepetsa kumakhudza mmene munthu amadziyezera yekha pakati pa anzake. N'chifukwa chake mmisiri womanga nyumba ku Kalingalinga angathe kuuza mwini nyumba kuti, "Bwana, simenti iyi ni ing'ono, khoma izagwa mainza," iye ali munthu wodzichepetsa ndithu, woti mawa mnyamata womuthandiza akamuonetsa pamene walakwitsa amagumula n'kuyambanso. N'chifukwa chakenso munthu angathe kulankhula motsitsa mawu, kugwada, kuwomba m'manja, koma mumtima akuona kuti palibe aliyense m'chipindamo womuuza kanthu. Matama ena amayenda mwakachetechete.

Nanga timazisokoneza bwanji? Vuto ndi lakuti kudzichepetsa kuli mumtima, ndipo mumtima mwa munthu sitionamo. Zimene timaona ndi zizindikiro zakunja, ndipo ife tili nazo zambiri. Mwana amagwada popereka madzi. Wamng'ono sayang'ana wamkulu m'maso. Munthu mmodzi timamuitana ngati ambiri, "inu", "iwo", "abwera". Mayi wa ana satchulidwa dzina, ndi amake uje. Mkamwini ndi apongozi sadyera mbale imodzi. Muno mu Lusaka tinawonjezapo "ba" wa anzathu Abemba, moti ngakhale kondakita ndi "ba kondakita" ngati tikufuna chenji yathu mwamtendere. Mwana wakula ndi zizindikiro zimenezi amaphunzira msanga kuti munthu wabwino amadziwika ndi kutsitsa maso ndi kuvomera. Akadzaona wina akutsutsa wamkulu, ngakhale mwaulemu wotani, maso ake amaona mwano asanamve n'komwe zimene zanenedwa.

Sindikufuna kuti wina andimve ngati ndikunyoza ulemu. Ulemu wathu uli ndi ntchito yaikulu, ndipo amene amauyesa mantha chabe sanaganize bwino. Pakati pathu munthu amakhala ndi moyo chifukwa cha anthu ena, ndipo izi ndi zenizeni, zogwirika ndi manja. Ntchito yambiri imapezeka kudzera mwa wachibale kapena mnzako wa kutchalitchi. Lendi ikavuta, amene amakupulumutsa ndi mlamu. Maliro akagwa, bokosi, galimoto yopita kumanda ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, nkhuni ndi ufa wa panyumba ya maliro zimachokera m'matumba a anthu omwe unakhala nawo bwino. Kumene anthu amadalirana chotere, mbiri ya munthu ndi chuma chake. Ukamuchititsa manyazi pagulu wamulanda kanthu kamene amadyera. Iwenso wolankhulawe wadziika pangozi, pakuti amene wamuyalutsa lero ndi yemwe ukamugogodere mawa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Sanali kuphunzitsa bodza. Ankadziwa kuti mawu ali ndi mtengo, ndipo kuti wosauka amalipira mtengowo kuposa wolemera.

Makolo sanatseke pakamwa pa anthu

Chimene timaiwala n'chakuti anthu omwewo amene anatiphunzitsa kugwada ndi omwenso anati wakutsina khutu ndi mnansi. Anatinso wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti chenjezo ulimvere ngakhale lichokere kwa munthu amene sumuwerengera. Iwo ankadziwa kuti mudzi umene zoona sizinenedwa umatha. Choncho pambali pa ulemu anakonza njira zoti mawu owawa adutsemo popanda kuphwanya ubale.

Taganizani za ankhoswe. Mkazi sangaime pamaso pa apongozi ake n'kunena kuti mwana wawo ndi chidakwa chosasiya ndalama pakhomo. Koma amauza nkhoswe yake, nkhosweyo imakumana ndi inzake ya kuchimuna, ndipo pabwalo la anthu ochepa mawu aja amanenedwa onse, osachotsako ndi limodzi lomwe. Mwamunayo amamva zoona, koma wazimva kwa munthu amene ntchito yake ndi yomweyo, choncho palibe amene wachita mwano. Kwa mfumu kunali nduna, zimene zinkatha kuiuza pambali kuti mlandu waupotoza. Kwa Achewa, mwini mbumba ankayankha kwa alongo ake ndi amayi akuluakulu a pabanja, ndipo amenewa sankasowa mawu.

Akazi analinso ndi mtondo. Posinja chimanga ankaimba, ndipo m'nyimbo za pamtondo munkatuluka zonse: mwamuna waumbombo, apongozi ovuta, mkazi mnzake wa pamitala wansanje. Mudzi wonse unkamva, wolakwayo ankadzimva yekha, koma sakanaimba mlandu munthu chifukwa cha nyimbo. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, amachitanso ntchito yomweyo. Zilombo zimavina khalidwe la chidakwa, la wachiwerewere, la mlendo wonyada, la mtsogoleri wadyera, ndipo anthu amaseka akudziwa bwino lomwe amene akunenedwa. Wovinayo sayankha mlandu, pakuti pamwambo amene wavina si munthu.

Njira imene yakhalabe ndi mphamvu muno m'tauni ndi chimbuya. Angoni ndi Abemba anamenyana m'zaka za m'ma 1800, ndipo nkhondo itatha udani uja unasanduka chibale cha nthabwala, chimene lero chinafalikira kwa anthu a kum'mawa onse ndi a kumpoto. Atonga ndi Alozi nawonso ali nacho chawo. Aliyense wa mu Lusaka anaonapo pamaliro mbuya akupaka anamfedwa ufa kapena paudala, akuwaseka za mbewa, iwo n'kumubwezera za anyani. Koma mukatchera khutu, pakati pa nthabwalazo pamadutsa mawu olemera. Mbuya amatha kunena pamaso pa onse kuti, "Imwe bana, munawataya atate banu, lelo ndiye mulila maningi," ndipo palibe amene angamukwiyire. Chimene chimamupatsa ufuluwo tichione bwino. Mbuya yemweyo ndi amene watema nkhuni, wasonkha moto, wanyamula bokosi, wagona panja usiku wonse. Ndiponso mawa maliro akagwa kwawo, iye adzapakidwa ufa womwewo n'kumva mawu omwewo, osakwiya. Amaloledwa kulasa chifukwa amatumikira, komanso chifukwa iyenso amalasidwa.

M'njira zonsezi zoona sizinkachepetsedwa. Zinkapatsidwa munthu wozinyamula, malo ake ndi nthawi yake, kuti wozimva apeze mpata wosintha asanathe ulemu.

Zimene tauni inathyola

Lusaka inakhala likulu mu 1935, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Anthuwa anachokera kumbali zonse, aliyense ndi mwambo wake, n'kukhala khomo ndi khomo ku Kanyama, ku Matero, ku Mtendere, ku Mandevu. Zizindikiro zakunja za ulemu zinabwera nawo, popeza n'zopepuka kunyamula. Njira zonenera zoona zambiri zinatsala kumudzi. Chimanga chimapita kuchigayo, kapena timangogula ufa wa m'thumba, ndiye nyimbo ya pamtondo iimbidwira kuti? Atsibweni ali ku Katete kapena ku Petauke, amamva nkhani pafoni itapsa kale. Choposa apo, tauni inabala maubale atsopano amene mwambo sunawakonzere nkhoswe. Pakati pa mwini nyumba ndi wa lendi palibe nkhoswe. Pakati pa mtsikana wantchito ndi madamu ake kumayadi palibe nkhoswe. Kalaliki wachinyamata ndi bwana wake, namwino ndi dokotala, wophunzira ndi mphunzitsi wa payunivesite, onsewa amakumana maso ndi maso, wina ali ndi mphamvu zonse, winayo ali ndi ulemu wokha.

Zotsatira zake timaziona tsiku ndi tsiku. Pamaso pa wamkulu timavomera: "Yes bwana, vili che bwino." Akatembenuka, miseche imayamba, ndipo miseche ndi zoona zimene zasochera njira, zofika kwa aliyense kupatula mwini nkhani amene akanazikonza. Kenaka pali malo amene timalankhula mopanda malire chifukwa palibe chotaya. M'minibasi yochokera pa Kulima Tower, anthu osadziwana amauzana mawu oti sangayerekeze kuuza mlamu wawo. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ndiye zafika poipa: munthu amene kuntchito sanatsutsepo bwana ndi kamodzi komwe, usiku amatukwana mlendo pafoni, n'kumadzitcha wonena zoona. Ndimaona kuti chete wa masana ndi ukali wa usiku zimachokera pamalo amodzi. Munthu amene wameza mawu tsiku lonse amakawalavulira pamene sipangamupweteke.

"Ine nikamba chabe zoona"

Tsopano tinene za munthu amene tonse timamudziwa, amene amayamba ndi mawu akuti, "Ine sinibisa, nikamba chabe zoona." Nthawi zina amakhaladi woona mtima. Koma kawirikawiri mawuwa amakhala chikopa cha matama, ndipo pali zinthu zimene zimamuulula.

Choyamba kuyang'ana ndi kumene zoona zakezo zimalowera. Ngati nthawi zonse zimatsikira pansi, kwa wantchito, kwa mkazi wake, kwa mwana wamasiye amene akumusunga, kwa woperekera zakudya mulesitilanti, koma zikafika pa bwana kapena pa munthu wandalama zimasanduka kumwetulira, ameneyo sakonda zoona. Amakonda kulankhula pamene sangabwezeredwe. Muonenso malo amene amasankha. Nkhani yoti akanaikamba pambali amaisungira pagulu, pa kitchen party kapena pamsonkhano wa banja, chifukwa chimene akufuna ndi mboni zoona kuti iye ndi wolimba mtima. Muonenso zimene amasankha kunena. Kuuza mayi amene wakhala zaka pabanja osabereka kuti "nanga mwana ni liti" sikumuuza chimene sakudziwa, ndipo palibe chimene angakonze pomva mawuwo. Kuuza mnyamata amene wayenda ndi makalata ake mu Cairo Road mpaka nsapato kutha kuti anzake onse ali pantchito ndi nkhanza wamba. Zoona zothandiza zimapatsa womva chochita. Palinso chizolowezi chosakaniza maganizo ndi zoona: "diresi iyi siikuyenera" ndi mmene iwe waonera, pamene "ndalama zaperewera K500" ndi chinthu choti aliyense angawerenge.

Koma muyeso umene sunama ndi uwu: mubwezereni. Muuzeni iyeyo, mofatsa, chinthu chimodzi choona chokhudza khalidwe lake. Wonena zoona weniweni amamva kuwawa ngati wina aliyense, koma amakhala pansi n'kuganiza. Wodzikuza amalusa, n'kukufunsa kuti ndiwe ndani. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo munthu wotereyu amafuna khomo lotulutsira mawu lokha, lolowetsera ayi.

Kumbali inayo kuli kudzichepetsa kwabodza, kumene ife a ku Zambia tinakupatsa dzina loti muzungu anikonde. Uyu ndi munthu amene amaona bwana akulowera kuphompho, n'kumawomba m'manja. Amaoneka wofatsa, koma mukafufuza mupeza kuti akuganiza za iye yekha: ntchito yake, ulendo wake wa kunja, dzina lake labwino. Wasankha kuti kampani igwe, banja lipasuke, bola iye asadetsedwe. Kudziika patsogolo pa anthu onse chotere ndi kudzikuza ndithu, ngakhale kuchitike munthu atagwada. Pano ndisiyanitse bwino: wantchito wa m'nyumba amene wakhala chete chifukwa akalankhula ana ake agona ndi njala sindikumuika m'gulu limeneli. Ameneyo watsekedwa pakamwa. Ndikunena za amene ali ndi mpata ndi chitetezo chokwanira kulankhula, koma amasankha kukondedwa.

Ndale zathu zaonetsa zonsezi poyera. Michael Sata anthu anamutcha King Cobra chifukwa cha lilime lake, ndipo pazaka zimene anali kotsutsa, kuyambira 2001 mpaka pamene anapambana mu 2011, ambiri m'makomboni ankamukonda chifukwa ankanena kwa akuluakulu zimene iwo sakanatha kunena. Atalowa ku State House lilime linali lomwe lija, koma tsopano linkagwera nduna ndi akuluakulu a boma amene ankawadzudzula pamaso pa makamera powalumbiritsa, anthu oti sakanamuyankha. Ena ankasangalala nazo, ena zinkawawawa, ndipo kusiyana maganizo kumeneko kunachokera pa mfundo yomwe ija ya kumene mawu akulowera. Edgar Lungu, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti Sata atamwalira, omutsatira ake ankamugulitsa kwa ovota ngati mtsogoleri wodzichepetsa, umboni wakuti andale amadziwa kulemera kwa mawu amenewa m'makutu mwathu. Pa zisankho zathu, kunena kuti uje ndi wodzikuza kumapweteka kuposa kunena kuti mfundo zake n'zolakwika, ndipo izi ziyenera kutidetsa nkhawa, pakuti timatha kutaya nthawi kuyeza mayendedwe ndi kamwetulidwe ka munthu m'malo moyeza zimene wachita.

Boma lenilenilo linaika ulemu wokakamiza m'malamulo. Kwa zaka zoposa 50, gawo 69 la malamulo a milandu linkati wonyoza pulezidenti angathe kumangidwa mpaka zaka zitatu, ndipo anthu wamba anamangidwadi nalo. Linachotsedwa mu December 2022. Koma mbiri yathu ilinso ndi anthu amene analankhula mokweza maso pamene kunali koopsa. Levy Mwanawasa anatula pansi udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti mu 1994 posagwirizana ndi mmene zinthu zinkayendera m'boma. Mu 2001, pamene Frederick Chiluba ankafuna kusintha malamulo kuti alamulire kachitatu, mipingo, maloya ndi mabungwe a amayi anagwirizana pansi pa Oasis Forum n'kukana, ndipo nduna zake zina, kuphatikizapo wachiwiri wake Christon Tembo, zinakana nawo mpaka kuchotsedwa m'chipani. Pa nthawiyo analipo owatcha osayamika ndi amwano. Lero tikudziwa chimene anatitetezera.

Ku tchalitchi nkhaniyi ndi yovuta kwambiri, ndipo ndikuinena monga munthu amene amalemekeza nyumba ya Mulungu. Dziko lathu linalengezedwa kukhala lachikhristu mu 1991, ndipo kudzichepetsa kumalalikidwa sabata ndi sabata. Koma m'mipingo ina ulalikiwu umaloza mbali imodzi: nkhosa zidzichepetse, mkazi adzichepetse, achinyamata adzichepetse. Wina akafunsa za ndalama za chopereka amauzidwa kuti asakhudze wodzozedwa. Komatu m'Malemba momwemo muli mneneri Natani, amene anapita kwa mfumu Davide, nayamba ndi fanizo la munthu wolemera wolanda kankhosa ka wosauka, Davide atapsa mtima n'kumuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Natani anasankha njira mwanzeru ngati nkhoswe yabwino, koma sanachotseko kanthu. Ndipo wodzichepetsa m'nkhani imeneyi ndi Davide, mfumu yokhala ndi mphamvu zopha mneneriyo, imene inavomera kuti yachimwa.

Mtengo wa kukhala chete

Wina angati, bola mtendere, chete sapha munthu. Ife a m'dziko lino sitiyenera kunena zimenezo, chifukwa tinaika m'manda anthu ambiri amene chete anathandiza kuwapha. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Edzi itafika, ulemu wathu unatipatsa mawu ozembera: anadwala nthawi yaitali, anamulodza, chinali chifuwa. Amuna ankabisira akazi awo, mabanja ankabisira ana, ndipo wamasiye ankalowedwa chokolo popanda wonena chimene chinapha mwamuna wake. Mu 1987 Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzyo, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi Edzi. Mu 1990 Winstone Zulu anaima poyera n'kunena kuti ali ndi kachilombo, pa nthawi imene mawu otero ankathawitsa abale ndi abwenzi. Anthu awiriwa analankhula mosabisa kuposa wolalata aliyense wa pa Facebook, koma palibe angawatche odzikuza, chifukwa zoona zimene ananenazo zinkapweteka iwo eni poyamba. Anadzitsitsa kuti ena apulumuke. Apa m'pamene ndimaonera bwino kuti kunena zoona ndi kudzichepetsa zingathe kukhala chinthu chimodzi.

M'mabanja chete akupwetekabe anthu. Alangizi ambiri amagwira ntchito yabwino, koma mtsikana akaphunzitsidwa kuti za m'nyumba sizituluka panja ndipo ukwati ndi shipikisha (kupirira basi), osaphunzitsidwa kuti pali zina zoyenera kutuluka msanga, tamupatsa theka la mwambo. Theka linalo linali ankhoswe oti akawauze. Lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi lilipo kuyambira 2011, koma lamulo limathandiza amene walankhula, ndipo mayi amene anauzidwa kuti kulankhula ndi mwano amafika kupolisi mochedwa.

Vutoli si lathu lokha. Mu 1977 pa chilumba cha Tenerife ndege ziwiri zikuluzikulu zinawombana pabwalo, n'kupha anthu 583. Kaputeni wa ndege imene inkanyamukayo anali mkulu wolemekezeka, wophunzitsa anzake. Injiniya wake anafunsa ngati ndege inayo yachokadi panjira, kaputeni anayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo funsolo linathera pomwepo. Ngozi imeneyi ndi zina zotere zinachititsa makampani a ndege kusintha maphunziro awo. Anaphunzitsa wamng'ono kunena zimene waona momveka ndi kubwereza ngati sanamvedwe, koma anaphunzitsanso wamkulu kufunsa ndi kumvera. Anazindikira kuti kulimbikitsa wamng'ono yekha sikukwanira ngati wamkulu sanasinthe.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse kwa ine. Takhala tikusenzetsa katundu wa kudzichepetsa anthu amene ali kale pansi, pamene mwini katunduyo ndi amene ali pamwamba. Mwana wa sukulu, wantchito, mpongozi wamkazi, alibe matama oti tiziwaopa. Moyo unawatsitsa kale. Amene ayenera kudziyang'anira ndi bambo wa pakhomo, mwini kampani, m'busa, mphunzitsi wamkulu, wapampando, chifukwa iwowa angathe kukhala zaka osamvapo mawu akuti mwalakwitsa, n'kumayesa kuti salakwa. Kudzichepetsa kwa munthu wamkulu kumaonekera m'khutu. Kuvala zosaoneka bwino, kudya nsima ndi antchito, kupereka moni kwa mlonda pageti, zonsezo n'zabwino koma n'zotchipa. Chodula ndi chimene amachita m'mphindi imene wamng'ono wamuuza chosakoma. Akangolusa kamodzi kokha, onse oona aphunzira, ndipo sadzamvanso zoona m'nyumba imeneyo kapena muofesi imeneyo. Mkulu wanzeru pamsonkhano amayamba wafunsa ang'onoang'ono iye asananene maganizo ake, podziwa kuti akayamba iye, otsatira onse angovomera. Amathokoza poyera amene wamuonetsa cholakwa, kuti ena aone kuti sikuopsa. Amakhalanso ndi munthu mmodzi kapena awiri amene anawapatsa ufulu wa mbuya, womuuza chilichonse.

Wolankhulayo nayenso ali ndi mbali yake, ndipo mwambo unatiphunzitsa kale. Kupatula munthu pambali, kuyamba ndi "pepani atate, mwina ine ndiye sindinaone bwino," kufunsa funso m'malo mogamula, kutuma munthu amene wamkuluyo amamumvera, zonsezi si mantha ngati pamapeto pake mawu enieniwo anenedwa. Zimasanduka bodza pokhapokha ulemu ukachuluka mpaka womva kuchoka osadziwa kuti wauzidwa kanthu. Nthawi nayo ndi yofunika. Panyumba ya maliro, mtembo usanaikidwe, si pokambira ngongole za malemu kapena ana a kunja. Nkhanizo zili ndi tsiku lake, banja likakhala pansi pambuyo pa maliro. Koma tsiku limenelo likafika zinenedwe, chifukwa mkazi wamasiye ndi ana ndi amene amavutika abale akamazemba. Ndipo pali nthawi zina zimene njira yofatsa palibe: mwana akugwiriridwa, dalaivala waledzera ndipo basi yadzaza, mankhwala akuperekedwa olakwika. Pamenepo munthu afuule, za ulemu tidzakambirana pambuyo.

Zambia ili ndi lamulo la 2010 loteteza anthu oulula zachinyengo m'maofesi, ndipo n'chinthu chabwino kuti lilipo. Koma zoona zambiri zimene zikusowa mu Lusaka sizifika kumene lamulo limafika. Zili pakamwa pa mtsikana amene akusungidwa ndi amalume ake ku Chilenje, amene waona zimene zikuchitika m'nyumbamo koma fizi yake ikuchokera m'thumba la yemweyo woyenera kuuzidwa. Ameneyu sangatetezedwe ndi khoti. Angatetezedwe ndi azakhali, kapena mayi wa mumpingo, kapena mnansi wachikulire amene angamumvere mpaka kumapeto, osayamba ndi kumufunsa kuti waphunzira kuti mwano, kenaka n'kunyamula mawuwo iye mwini kukawatula kwa amalumewo.